Bambo akufuna unamwino, ine mtima uli ku ulimi wamthirira: ndilembe chiyani pa fomu?

"Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 19 ndipo ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Ndinalemba mayeso a MSCE pa sukulu yoyendera ndipo ndapeza mapointi 15: Agriculture 1, Biology 2, Geography 2, Chingerezi 3, Masamu 3, Chemistry 4. Physics ndinapeza 5. Nthawi yolemba fomu yofunsira malo ku yunivesite yayandikira, koma kunyumba sitikumvana. Bambo akuti ndilembe unamwino chifukwa ntchito yake sisowa, ndipo popeza agulitsa ng'ombe kuti ndiphunzire, safuna kutaya chuma chawo pa maphunziro opanda ntchito. Atsibweni akuti ndilembe zamalamulo kapena zowerengera ndalama kuti ndidzakhale mu ofesi. Ine ndimakonda ulimi wamthirira kuyambira pamene ndinaona makina akukumba ngalande yaikulu ija, koma bambo akuti sangagulitse ng'ombe kuti mwana akaphunzire khasu lomwe lili kale m'nyumba mwawo. Chinanso n'chakuti ine magazi ndimawaopa. Kodi ndimvere makolo kapena ndimvere mtima wanga?"

Mwana wanga, ndiyambe ndi kukuyamikira, chifukwa mapointi 15 pa sukulu yoyendera ya kwathu kuno, kumene ana ambiri amaphunzira Chemistry ndi Physics pa bolodi pokha osagwirako chipangizo chilichonse, si chinthu chopepuka. Ndaphunzitsa m'sukulu za sekondale za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje kwa zaka zoposa 25, ndipo kwa nthawi yaitali ndinali mphunzitsi amene ana a Fomu 4 ankabwera kwa iye ndi mafomu awo, choncho mkangano umene uli kunyumba kwanu ndauona m'mabanja ambiri. Usaganize kuti banja lanu lasokonekera. Banja lomwe limandidetsa nkhawa ndi lija lomwe mwana amapeza mapointi abwino koma palibe aliyense womufunsa kuti akufuna kudzachita chiyani. Bambo ako akulankhula molimba chifukwa ng'ombe m'chigwa muno ndiyo nkhokwe ya banja pa chaka cha chilala ndiponso pa tsiku la maliro, ndipo munthu amene watulutsa ng'ombe m'khola chifukwa cha mwana wamkazi ndi woyenera kumumvetsera mpaka atamaliza kulankhula.

Komabe funso lako, loti umvere makolo kapena mtima, ndikufuna tiyambe taliika pambali pang'ono, chifukwa anthu amene adzawerenge fomu yako sadzafunsa za bambo ako ngakhale za mtima wako. Iwo adzayang'ana magiredi. Masankhidwe a ophunzira opita ku mayunivesite a boma amayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE, ndipo mayunivesitewo ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zomwe kale zinali nthambi za University of Malawi zisanapatukane mu 2021, LUANAR ku Lilongwe, Mzuni ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Chofunika choyamba ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pamenepo iwe wadutsa. Koma ana ambiri amaima pomwepo, n'kumaganiza kuti mapointi ndiwo amalankhula zonse, pamene pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imawafuna ndiponso giredi yomwe munthu sayenera kutsika nayo pa maphunziro amenewo. Anthu awiri akhoza kukhala ndi mapointi 15 onse, wina n'kutengedwa wina n'kusiyidwa pa pulogalamu imodzimodziyo, chifukwa mapointi a winayo anachokera ku maphunziro omwe pulogalamuyo sikuwawerengera. Choncho ntchito yako yoyamba ndi kupeza chikalata cha chaka chino chomwe chimatuluka pamodzi ndi chilengezo, n'kuwerenga zofunika pa pulogalamu iliyonse ndi cholembera m'manja, giredi ndi giredi. Usadalire chikalata cha chaka chatha kapena mawu a mnzako amene anasankhidwa kale, popeza zofunikazi zimasinthidwa.

Ndikukakamira pa mfundo imeneyi chifukwa ine mwini ndinalakwitsapo. Zaka zapitazo panali mnyamata wina wanzeru kwambiri amene ankakhoza Geography ndi History koposa onse m'kalasi, koma Masamu ankangopulumukira. Chifukwa mapointi ake anali ochepa bwino, ndinamulimbikitsa kuti alembe zowerengera ndalama, poganiza kuti ndikumutsegulira khomo la ntchito. Anasankhidwa, ndipo mudzi wonse unavina. Chaka choyamba analemba mayeso obwereza aja ophunzira amati sapu, chaka chachiwiri anachotsedwa, kumene iwo amati kuwidedwa, ndipo anabwerera kumudzi ndi ngongole ndi manyazi omwe anamutengera zaka kuti awatule. Ndinayang'ana chiwerengero cha mapointi, osayang'ana phunziro lomwe mwanayo akanayenera kulisenza tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi. Kuyambira pamenepo, mwana aliyense wobwera kwa ine ndimamufunsa kuti ndi phunziro liti lomwe amatha kukhala nalo pansi maola awiri popanda womukakamiza, ndipo ndi liti lomwe amalizengereza mpaka usiku woti mawa ndi mayeso.

Tsopano tikambe za unamwino, ndipo ndiukamba mwaulemu chifukwa ndi ntchito yomwe chigwa chino chimaisowa kwambiri. Bambo ako ali ndi mfundo. Magiredi ako a Biology ndi Chingerezi ndi abwino pa njira imeneyi, ndipo njirayo ili ndi makomo angapo: pali digiri ya unamwino ndi uzamba ku KUHeS ndi ku Mzuni, pali Malawi College of Health Sciences, komanso pali makoleji a mipingo omwe ali pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, imodzi mwa iwo ili kwathu konkuno ku Muona m'boma la Nsanje, pa chipatala cha Trinity. Munthu akamaliza amayenera kukhozanso mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba kuti apatsidwe chilolezo chogwirira ntchito. Luso limeneli silikalamba, ndipo mwini wake amafunika kulikonse kumene kuli anthu.

Koma mawu akuti ntchito yake sisowa ayenera kuyesedwa bwino. Zipatala kusowa anamwino ndi nkhani ina, boma kukhala ndi ndalama zowalembera ntchito ndi nkhani inanso, ndipo m'zaka zapitazi taona anamwino omaliza maphunziro, chimodzimodzinso aphunzitsi a ku pulaimale, akudikira kunyumba nthawi yaitali asanaitanidwe, ena akugwira ntchito za kanthawi kochepa. Sindikunena izi kuti ndinyoze unamwino. Ndikungofuna kuti banja lanu lidziwe kuti masiku ano palibe pepala lomwe limatuluka ku koleji litamangiriridwa kale ku malipiro. Bambo ako akutsatira mwambi uja wakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, koma zoona zake n'zakuti pa nthawi ino unamwino ndi ulimi wamthirira zonse zikadali pachala.

Chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yako ndi chiganizo chachifupi chija chakuti magazi umawaopa. Usachibise, koma usachikhulupirirenso msanga. Ndikudziwa atsikana amene ankanjenjemera poona bala, lero ndi azamba odalirika, chifukwa mantha awo anali a kusazolowera chabe ndipo anatha m'miyezi yoyamba. Ndikudziwanso ena amene mantha awo sanathe, amene anamaliza maphunziro mokakamizika ndipo lero amapita ku ntchito ngati akupita ku chilango. Odwala amawazindikira anamwino oterewa, ndipo madandaulo ena omwe timamva akuti namwino wakalipira mayi woyembekezera amakhudza anthu amene analowa ntchitoyi ngati pothawira. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amagwira usiku, amasambitsa zilonda, amalandira mwana wolumidwa ndi njoka kapena msodzi wogwidwa ndi ng'ona, amauza abale kuti wodwala wawo watisiya, ndipo m'mawa mwake amayambanso. Njira yodziwira kuti mantha ako ndi a mtundu uti si kuganiza uli pa mphasa. Pita pa chipatala chomwe uli nacho pafupi, upemphe mwaulemu kuti namwino mmodzi akupatse nthawi yocheza naye akaweruka, umufunse mmene sabata yake imayendera, chimene chimamulemetsa ndi chimene chimamusunga pa ntchitoyo. Ngati wachibale wagonekedwa, dzipereke kukhala womudikirira masiku awiri kapena atatu. Ukatuluka m'menemo udzadziwa zambiri za iwe mwini kuposa zomwe ine ndingakuuze.

Maganizo a atsibweni ako ndiwadutsa mwachidule. Zamalamulo ndi zowerengera ndalama ndi maphunziro aulemu, koma m'kalata yako yonse mulibe mawu amodzi osonyeza kuti umazikonda, ndipo chomwe atsibweni akuona ndi ofesi yozizira, osati ntchito yochitika mu ofesimo. Komanso zowerengera ndalama zili ndi ubwino wakuti munthu akhoza kudzaziphunzira pambuyo pake pang'onopang'ono kudzera m'mayeso a bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM ali kale pa ntchito ina, pamene uinjiniya kapena unamwino sungauphunzire mwa njira imeneyo. Khomo limenelo silikutsekeka chaka chino.

Nkhani ya khasu ndiyo ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa pamenepa ndi pamene bambo ako sanauzidwe bwino, ndipo mwina iwenso sunaione mbali yake yolemera. Munthu wophunzira uinjiniya wa ulimi wamthirira, umene umaphunzitsidwa ku LUANAR pa Bunda, saphunzira kulima. Amaphunzira kuyeza malo kuti adziwe kumene madzi angayende okha, kuwerengera kuchuluka kwa madzi omwe ngalande ingasenze popanda kugumuka, kusankha kukula kwa pampu ndi mapaipi, kudziwa madzi omwe mbewu iliyonse imamwa pa nyengo yotentha ngati yathu, ndiponso kukonza njira zotulutsira madzi otsala m'munda. Mbali yomalizayi anthu amaiiwala, koma kwa ife ndi yaikulu. Iwe wakulira pa dothi la makande, lomwe limang'ambika ming'alu m'chilimwe ndipo mvula ikagwa limamata n'kusunga madzi pamwamba. Ukudziwanso kuti mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere. Dothi lotere ukalithirira mosadziwa, madzi amakhazikika, dzuwa limawauma, mchere umatsala pamwamba, ndipo m'zaka zochepa munda womwe unali wachonde umasanduka woyera osameranso kanthu. Kupewa zimenezi ndi sayansi, ndipo ndi sayansi yomwe mwana wobadwira pa makande amayamba ali patsogolo pa mnzake amene anangoliwerenga m'buku.

Za kumene anthu oterewa amagwira ntchito, sufunika kupita kutali kuti uone. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo yonse imadalira madzi a mu Shire, chimodzimodzinso minda ya alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata. Ngalande yomwe unaiona ikukumbidwa ndi ya ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe inakonzedwa kuti izitenga madzi ku Kapichira kulowera cha ku Bangula ndi cholinga chothirira mahekitala oposa 40,000, ndipo alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi omwe adzafune anthu odziwa kugawa madzi, kusamala dothi ndi kuyendetsa munda waukulu ngati bizinesi. Pali nthambi ya boma yoona za ulimi wamthirira, pali ofesi yaikulu ya zaulimi m'chigwa chino pa Ngabu pomwepo, pali mabungwe omwe si aboma, ndiponso makampani omwe akuika mapampu oyendera dzuwa. Ndiye palinso mbali ina ya madzi, yomwe tonsefe tili ndi zipsera zake: kusefukira kwa mu January 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu January 2022 amene anawononga ngakhale malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Freddy mu March 2023. Chigwa chino chimavutika ndi madzi ochuluka miyezi ina ndi kusowa madzi miyezi ina, ndipo n'zondipweteka kuti akatswiri ambiri amene amabwera kudzayeza mitsinje yathu ndi kumanga zotchinga madzi ndi alendo amene amabwerera kumtunda ntchito ikatha. Ndimalakalaka ana a kuno atakhala pa matebulo pomwe zinthu zimenezi zimagamulidwa.

Ndanena zabwino zambiri, tsono ndikuchenjezenso ndi mtima womwewo. Usasankhe digiri chifukwa cha pulojekiti imodzi. Mapulojekiti amachedwa, amasintha, amatha, ndipo iwe udzamaliza patapita zaka zinayi kapena zisanu pamene zinthu zidzakhale zitasuntha. Omaliza maphunziro a zaulimi amene akuyenda ndi makalata ofunsira ntchito aliponso ambiri, ndipo sindikubisira. Chimene ndimachiona chosiyana pa luso limeneli n'chakuti mwini wake akhoza kuyamba kanthu ndi manja ake ngakhale asanalembedwe ntchito, monga kuyezera gulu la alimi malo oika pampu kapena kulima yekha dimba la mbewu zogulitsa mwa njira yamakono, pamene namwino sangatsegule chipatala pakhonde pa bambo ake. Koma zimenezi zimafuna munthu wosaopa dzuwa la mu October, wovala majombo, wokhoza kuima pamaso pa madoda a m'mudzi n'kuwafotokozera chifukwa chake madzi apita kaye ku minda ya kumunsi. Akadzakuuza kuti imeneyo ndi ntchito ya amuna usadzamvere, popeza madzi sadziwa kuti wayeza ngalande ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo m'minda yothiriridwa mumagwira ntchito amayi ambiri amene amamasuka kwambiri ndi mlangizi wamkazi.

Chenjezo lalikulu lili pa magiredi ako omwe. Uinjiniya wa mtundu uliwonse umaima pa Masamu ndi Physics, ndipo pamenepo uli ndi 3 ndi 5. Onsewo ndi makirediti, koma 5 wa Physics ndiye malo ako ofooka, ndipo pa mpikisano wa malo ochepa akhoza kukubweza. Ndikufuna udzifunse moona mtima kuti 5 ameneyu anabwera bwanji. Ngati anabwera chifukwa sukulu yanu inalibe mphunzitsi wa Physics kwa teremu yathunthu kapena munalibe labotale, pamene iwe phunzirolo unkalimva likaphunzitsidwa, ndiye kuti ndi dzenje lotheka kulikwirira, ndipo uyambe kulikwirira panopa pobwereza mabuku a Fomu 3 ndi Fomu 4 m'miyezi yodikirayi. Koma ngati mphunzitsi analipo wabwino ndipo iwe mutu unkangozungulira, usadzinamize kuti ku yunivesite zidzaphweka, chifukwa kumeneko chaka choyamba chimathamanga ndipo palibe amene adzakudikire. Funsa mphunzitsi amene anakuphunzitsa Masamu ndi Physics kuti akuuze mosakunyengerera. Mawu ake pa nkhani imeneyi ndi olemera kuposa anga, chifukwa iye anaona makope ako.

Ngakhale yankho litakhala lowawa, sizitanthauza kuti uchoke ku zomwe umakonda. Ana ambiri amadziwa dzina limodzi lokha la pulogalamu, osadziwa kuti ili ndi abale ake. Giredi 1 ya Agriculture, 2 ya Biology ndi 2 ya Geography zikuloza ku banja lonse la maphunziro: ku LUANAR kuli za mbewu, za dothi, za ziweto, za ulangizi wa zaulimi ndi za bizinesi ya ulimi; ku Mzuni kuli za kasamalidwe ka madzi; ku MUST kuli za nyengo ndi za kuthana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri mwa maphunziro amenewa amatsamira pa Biology ndi Chemistry kuposa pa Physics, ndipo onse akhoza kukubweretsa m'mbali mwa ngalande yomwe ija, kungoti polowera pake n'posiyana. Fomu imakulola kulemba mapulogalamu angapo motsatana, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika. Ine ndikanakhala iwe, ngati zofunika za chaka chino zikukulola ndipo mphunzitsi wako wavomereza, ndikanaika uinjiniya wa ulimi wamthirira poyamba, kenako abale ake awiri kapena atatu omwe magiredi ako ali olimba, ndipo pakati pawo pakhale ina yomwe anthu saithamangira kwambiri. Cholakwika chomwe ndachiona kawirikawiri ndi kudzaza mizere yonse ndi mapulogalamu otchuka okhaokha, monga udokotala, zamankhwala ndi uinjiniya, kenako mwana wa mapointi abwino n'kutsala kunyumba pamene mnzake wa mapointi ochulukirapo watengedwa chifukwa anasankha mwanzeru. Cholakwika china ndi kulemba pulogalamu yongodzazira mzere. Usalembe chilichonse chomwe sungavomere kukachiphunzira, chifukwa ukhoza kupatsidwa chomwecho, ndipo kusintha pulogalamu utalowa kale n'kovuta kwambiri. Unamwino uulembe pa fomuyo pokhapokha utakayesa mantha ako monga ndanenera n'kupeza kuti ungaukwanitse ndi mtima wonse. Usaulembe pofuna kungotseka pakamwa pa bambo.

Pa za ndalama, khalani pansi monga banja muwerengere zaka zonse, osati teremu yoyamba yokha. Kupatula fizi pali malo ogona, omwe sakwanira pa sukulu ndipo ambiri amachita lendi kunja, pali chakudya, zolembera, foni kapena kompyuta yowerengera, ndi ulendo wochoka ku Ngabu kukwera mapiri a Thabwa mpaka ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kangapo pa chaka. Ndaona mabanja akugulitsa ng'ombe zonse chaka choyamba, chaka chachitatu mwana n'kusiyira panjira. Pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, la HESLGB, koma ngongoleyo imafunsiridwa payokha, ili ndi nthawi yake yotsekera, si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo ndi ngongole ndithu yomwe udzabweze ukadzamaliza. Dzina lako likangotuluka, yamba kutchera khutu za chilengezo chake. Ndikuuzenso monga kholo kuti pa nthawi ngati imeneyi pamapezeka amuna odzipereka kulipira fizi ndi mawu okoma. Thandizo lililonse lidzere kwa makolo ako poyera, ndipo lomwe likufuna chinsinsi ulikane.

Ukapanda kusankhidwa, usadzaone ngati dziko latha, chifukwa oyenera amachuluka kuposa malo chaka chilichonse. Ku koleji ya Natural Resources College (NRC), komwe ndi nthambi ya LUANAR, kuli madipuloma a zaulimi ndi ulimi wamthirira, ndipo ndikudziwa ana anga angapo amene anayamba ndi dipuloma, anagwira ntchito zaka zingapo, kenako anabwerera kukatenga digiri kudzera pa khomo la anthu omwe ali kale pa ntchito. Ena mwa iwo ndi akatswiri okhwima kuposa amene anangolowa mwachindunji, chifukwa anafika m'kalasi akudziwa kale fungo la dothi lothiriridwa. Ukhozanso kulembanso mayeso kuti ukweze Physics ndi Chemistry. Mukaganiza za yunivesite yomwe si yaboma, musanapereke tambala iliyonse onani m'ndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, popeza sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene maphunziro ena a pamenepo sanavomerezedwe. Ndipo aliyense wokuimbira foni kuti ali ndi njira yokulowetsera dzina ukamutumizira ndalama ndi wakuba.

Tibwerere kwa bambo ako, amene ndi gawo lovuta kuposa fomu. Usawayankhe pa gulu, ndipo usayambe ndi mawu akuti moyo ndi wanga, chifukwa mawu amenewo amatseka makutu a kholo lililonse. Bambo ako sakudana ndi ulimi wamthirira. Iwo akuopa kuti udzabwerera kudzavutika monga avutikira iwo ndi thonje lomwe mtengo wake amaukonza ndi ogula, ndi mapira omwe amapserera mvula ikadula. Mawu oti ulimi kwa iwo ndi dzina la umphawi umene akufuna kukutulutsamo. Ntchito yako ndi kuwaonetsa kuti chimene ukufunacho ndi china, ndipo zimenezi sizitheka ndi mkangano koma ndi umboni. Yamba ndi amayi ako kapena azakhali amene bambo amawamvera. Kenako pempha a hedi a sukulu yako kapena mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti adzacheze nawo, makamaka ngati pangapezeke munthu amene anaphunzira zomwezi ndipo akudya za luso lakelo. Munthu wamkulu amakhulupirira zomwe waona ndi maso, choncho ngati kungatheke mupite limodzi pa sikimu ina yothirira akaone yekha amene amayeza madzi ndi kulamula mapampu. Atsibweni usawasiye kunja, chifukwa kwathu kuno mawu awo pa za mwana wa mlongo wawo ndi olemera, ndipo akamva kuti unawafunsa nzeru adzakhala mbali yako. Uwauzenso bambo poyera za mantha ako a magazi ndi zomwe wachita pofuna kuwayesa. Kholo lomwe laona kuti mwana wafufuza, wawerengera ndalama ndipo ali ndi njira yachiwiri zinthu zikavuta, kawirikawiri limafewa, ngakhale silinena tsiku lomwelo.

Pali nthawi zina pomwe kalata ngati ino sikwanira. Ngati chiganizo china m'chikalata cha zofunika sichikumveka, usaganizire: funsa ku ofesi yolembetsa ophunzira ya yunivesiteyo kapena ku NCHE pa manambala omwe ali pa chilengezo chenichenicho. Polemba fomu pa intaneti usamusiyire mnyamata wa pa shopu kuti akusankhire kapena kukulembera yekha. Khala pambali pake, uwerenge mzere uliwonse asanatumize, ndipo usunge umboni wa malipiro ndi wa fomuyo. Ngati kunyumba zafika poti akukuopseza kuti sakulipirira, kapena ayamba kukamba zokukwatitsa m'malo mwa sukulu, usalimbane nazo wekha: pita kwa a hedi, kwa mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti wanu, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Ndipo ngati nkhawa yafika pokulanda tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masabata, kapena ukuyamba kuganiza zodzivulaza, uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite ku chipatala, chifukwa zimenezo zili ndi thandizo lake.

Sabata ino chita zinthu zomwe zili m'manja mwako: peza chikalata cha zofunika, kaonane ndi mphunzitsi wako wa Physics, ndipo kacheze ndi namwino uja. Ukamaliza, undilemberenso undiuze zomwe mphunzitsiyo wanena za 5 wako ndi mmene mtima unakhalira pa chipatala, kuti tidzaone limodzi ndondomeko ya mapulogalamu ako usanatumize fomu.